Tsiku Limene Ndinaiwala Kuthamangitsa Kabawi

Senderani kuno ndi malichero anuwo, ana inu, manja azisenda nandolo makutu akumva. Iwe Madalitso, ndikukuona: chala chimodzi pa nandolo, zinayi pa foni. Iike pansi, siithawa.

Nkhaniyi mwini wake ndi Tadala, enanu mungodyera nawo. Dzulo, Tadala, ndinakumva ukuuza amayi ako kuti Sabata likubwerali masana utenga ana a kalasi yako ya kutchalitchi, onse makumi atatu, kupita nawo kudamu kukaona mbalame. Amayi ako atafunsa kuti upita ndi yani, unayankha kuti, "Ndekha. Ine amandimvera." Mawu amenewo akundiyabwa mpaka pano, chifukwa nanenso ndinawanenapo, ndi pakamwa pomwepa, mano akadalipo.

Inu mwandidziwa ndili kale chonchi, wokhala pakhonde. Koma ndinali ndi miyendo ine. Tinachoka ku Thekerani ndili kamtsikana, nthochi zisanathe ndi matenda aja, nthawi imene munthu unkadya nthochi mpaka kuipidwa nazo. Tinayenda wapansi, osati za kabaza wa njinga yamoto zanuzi. Amayi anasenza mphasa ndi mphika, ine mng'ono wanga kumsana, kamba wathu makaka a chinangwa ndi kalongonda wokulunga m'masamba. Kalongonda simumudziwa inu. Amafuna kuphikidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi kangapo, apo ayi amakuzunguza mutu. Inu mungadikire? Dzira likachedwa kupsa mumayamba kale kudandaula.

Kuesiteti ya tiyi kumene tinakakhala, masiku amenewo kunalibe kosiya ana. Mayi ankayala thumba pansi pa mtengo m'mphepete mwa munda, kugonekapo mwana, iye n'kulowa m'tiyi dengu kumsana, khutu lina kwa kapitawo, lina kwa mwana. Mvula ikagwa, tsamba la nthochi ndilo ambulera. Ndinakula motero, nanenso ndinalera motero, ndi bambo anu aakulu omwe amene lero amayenda atapisira malayawa. Ndinathyola tiyi mpaka zala izi zinapindika. Chodabwitsa n'chakuti ife a Sabata tiyi sitimwa. Ndamuthyola moyo wanga wonse, kukoma kwake ndimangomva kwa anthu.

Maondo atakana kukwera zitunda, zinangochitika kuti a komiti ya makolo anali atagwirizana ndi akuofesi kuti pakhale posungira ana. Anamanga shedi ya malata m'mphepete mwa munda wa nambala seveni, mizati yokhayokha, yopanda khoma ngakhale chitseko. Pomwe pankagwera madzi a padenga, tiyi ankayambira pomwepo. Anatiika awiri, ine ndi mtsikana wina dzina lake Dorofe. Dorofe ankadziwa kulemba, ndiye ankachonga mayina m'buku. Ine pensulo sindinaigwirepo, koma ndinali ndi buku langa: mbale. Mwana aliyense ankabwera ndi mbale yake ya phala, ndipo ndinkazidziwa zonse ngati nkhope za eni ake, iyi yobenthuka, iyi yomangidwa ulusi wofiira, iyi chivindikiro cha poto wa amake. Mbale ikatsala, ndiye kuti mwana watsala.

Chaka chachiwiri Dorofe anakwatiwa ku Chimaliro. Tinamuperekeza ndi nthungululu, ndipo akuofesi anati wina abwera mlungu wamawa. Mlungu umenewo sunafike. Ndinapita kwa a komiti kawiri. Iwo anati amayi azisinthana, lero uyu mawa uyu, ndipo zinayenda masiku ochepa. Sindiwada amayiwo. Mayi akajomba kumunda tikiti yake sichongedwa, ndipo ogona ndi njala ndi ana omwewo. Ndinatsala ndekha ndi ana makumi anayi ndi atatu, wamkulu wa zaka zisanu, wamng'ono wokwawa.

Iwe Tadala, ana ako uli nawo maola awiri pa mlungu, osamba kale, okhuta kale, amawo ali pafupi m'tchalitchi. Anga ankandifikira kusanayere bwino n'kukhala mpaka amawo atayezetsa tiyi pa sikelo yomaliza. Madzi kumpope, ndine. Nkhuni, ndine. Ukutakasa phala, uyu wakodza, awa akulimbirana chitini, uyo akulowera kumsewu wa mathirakitala. Ukathamangira wa kumsewuyo, phala lapserera. Ndinkafika kunyumba mawu atatha, agogo anu aamuna n'kumati, "Lero mwatibweretsera mtendere m'nyumba muno." Anali ndi pakamwa malemuwo, Madalitso anatengera komweko.

Ndinapeza nzeru ziwiri. Yoyamba inali chingwe cha khonje chomanga mfundo, mwana aliyense woyenda mfundo yake. Tikamapita kumpope kukasamba m'manja tinkayenda ngati bongololo. Yachiwiriyo ndiyo nkhani yathu.

Kwathu ku Thekerani ndinkaonerera nkhuku ikaona kabawi m'mwamba. Imalira kamodzi kokha, anapiye onse balala, aliyense pansi pa tsamba lake, zii, osagwedezeka mpaka make awaitane. Ndinati, nanga ana angawa sangatero? Ndinawaphunzitsa ngati masewera. Ndikakuwa kuti "Kabawi!" aliyense abisale pomwe wapeza, anyonyomale, atseke pakamwa. Asatuluke ngakhale wina amuitane dzina, ngakhale amulonjeze shuga, chifukwa kabawi ndi wochenjera, amabwereka mawu a anthu. Atuluke pokhapokha ine, nkhuku yaikulu, ndayimba kuti:

Kabawi wapita, wapita kuphiri,
anapiye anga, bwerani kwa mayi.

Wotsiriza kugwedezeka ndiye ankawina, mphotho yake kukomba mphika.

Ana inu, zinagwira. Ndikafuna kusintha khanda thewera, "Kabawi!" Ndikafuna kuphula mphika pamoto, "Kabawi!" Shedi yonse zii, kumveka ntchentche. Ndinkawayesanso. Ndinkasintha mawu n'kumaitana mokoma, "Joni, tabwera ulandire nthochi." Wotuluka ndiye wagwidwa, anzake n'kumuseka. Onse anagwidwapo, kupatula mmodzi: Enifa.

Enifa anali wa zaka zitatu ndi theka, kochepa thupi, kosalankhulalankhula, mbale yake yobiriwira yosungunuka m'mphepete. Bambo ake, a Lanjesi, anali m'gulu la odulira tiyi. Tsiku lina anabwera kudzamutenga msanga, n'kutipeza tili pakati pa kabawi. Anaima pamutu pake penipeni. "Enifa, tiye kunyumba." Mwana duu, maso otsinzina. Anamuitana katatu, kachitatuko mokalipa. Duu. Ine ndinaseka mpaka misozi, n'kuyimba nyimbo ija, n'kumunyamula m'mwamba pamaso pa anzake. Ndinati, "Mwamuona Enifa? Ngakhale bambo ake alephera kumupusitsa. Uyu ndiye mwanapiye weniweni." Mwana anamwetulira mpaka kunyumba. Mawu angawo muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Nthawi ina kunabwera amayi awiri a ku mishoni, mmodzi namwino, limodzi ndi kalaliki wa kuofesi. Anapeza phokoso ngati pamsika. Namwino uja anayang'ana moto, anayang'ana msewu, n'kunena kuti malo ano akufunika akuluakulu atatu. Ine, m'malo momugwira mwendo n'kuvomereza, ndinafuna kuonetsa luso. "Kabawi!" Zii. Alendo anaomba m'manja. Kalaliki anafunsa kuti, nanga mayi, wothandizayo mukumufunadi? Ndinati, "Akapezeka abwere, koma ine amandimvera." Kalaliki analemba m'buku mwake. Zimene analembazo sindikanatha kuwerenga, koma kuchokera tsiku limenelo za wothandiza sizinatchulidwenso.

Tsopano mudziwe kaye za kudulira, poti inu tiyi mumangomudutsa pa minibasi. Tiyi akakhala zaka zingapo amatalika n'kulukana pamwamba ngati mphasa. Ukaima umangoona biliwiri, pansi osaoneka. Koma pansipo pali timphanga touma, toti mwana n'kukwawa kutali osanyowa. Nyengo yozizira, masamba akachepa, amuna amalowamo ndi mipeni yokhota, yonoledwa m'mawa uliwonse moti n'kumetera ndevu. Aliyense mzere wake. Amadula pa msinkhu wa bondo, phwa, nthambi n'kukankhira pambali, osayang'ana pansi, poti ntchito yake ndi ya muyeso: ukamaliza mitengo yako, waweruka. Msinkhu wa bondo, ana inu. Chisomo, iwe wamng'ono, tanyonyomala pafupi ndi bondo langa. Mwaona pamene pafika mutu wake? Basi, bwerera pa lichero.

Mlungu umenewo odulira anafika m'munda wa nambala seveni. Anayambira kumtunda, n'kumatsika tsiku ndi tsiku kulinga kushedi kwathu. Chiperoni chinali chitagwa masiku atatu, nkhungu mbuu, kamvula kosaleka kaja kolowa m'mafupa. Ine chimfine chinali chitandigwira pakhosi, mawu ngati a chule.

Tsikulo phala linachedwa chifukwa nkhuni zinali zonyowa. Litapsa ndinaphula mphika n'kuika pansi. Nthawi yomweyo tianyamata tiwiri tinagwirana, kena n'kuluma mnzake khutu. Ndikuwaleretsa choncho ndinacheuka, n'kuona Yohane, khanda lokwawa lija, wagwira kale pakamwa pa mphika kufuna kuimirira. Pakati pa ine ndi iye panali ana ngati khumi. Ndinakuwa ndi mawu onse amene ndinatsala nawo: "Kabawi!" Ana anagwa pansi, ena n'kumwazikira kuseri kwa mizati, njira inatseguka. Koma khanda silidziwa masewera. Mphika unapendekeka, phala n'kumukhuthukira pamkono.

Ndinamunyamula kuthamangira kumpope. Ndinagwira kamkonoko pamadzi, iye akulira mpaka kutsamwa, ine ndikuona khungu likutukusira. Kaya panatha nthawi yotani, sindidziwa. Pobwerera ndinapeza ana atatuluka okha, poti njala ndi kuzizira zinaposa kabawi. Ndinabereka Yohane, ndinathira madzi otentha m'phala lotsalalo kuti likwane, n'kugawira m'mbale zonse pamwala monga mwa masiku onse. Mutu wanga wonse unali pa zimene ndikanene kwa amake Yohane. Ana anadya. Ndinayamba kutolera mbale kuti nditsuke.

Pamwala panatsala mbale imodzi, phala litazizira mpaka kuchita khungu pamwamba. Yobiriwira, yosungunuka m'mphepete.

Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi. Ndinatulutsa chingwe kuti aliyense agwire mfundo yake. Mfundo imodzi inangolendewera.

Ndinaitana. Kuchimbudzi kunalibe. Kuseri kwa nkhuni kunalibe. Ndinaitana mpaka mawu anang'ambika, n'kutsala mpweya wokha. Maganizo anga anathamangira kumtsinje kumunsi ndi kumsewu wa mathirakitala. Za tiyi sindinaganize, ngakhale anali pamphuno panga. Za nyimbo, ngakhale pang'ono: poti ena onse anali atatuluka, mumtima mwanga masewera anali atatha kalekale.

Apa ndiye umvetse, Tadala. Kusowa kwa mwana mmodzi si ndiko kumakupha. Chokupha n'chakuti uli ndi ena makumi anayi ndi awiri. Ukapita kukafuna mmodziyo, awa uwasiyira yani? Pali moto, pali msewu, pali mtsinje. Ukakhala ndi awa, uyo akunka kutali. Ndinaima pakati pa shedi, mwendo wina ukufuna kumtsinje, wina ukukana. Mafoni anali asanafike m'manja mwa anthu ngati ife. Kumalayini, kunyumba za antchito, kunali zii, aliyense kuntchito. Anthu apafupi anali odulira okha, ndipo ndinkawamva m'nkhungumo: phwa, phwa, phwa.

Ndinathira madzi pamoto n'kutenga onse. Yohane kumsana, khanda lina m'manja, chingwe m'chiuno. Tinakwera kanjira ka m'mphepete mwa munda, dothi lofiira lija likuterera ngati sopo. Wina akagwa, onse ankaima. Wina akalira, atatu ankamuthandiza. Wakumapeto kwa chingwe sindinkamuona, ndinkangomva kulemera kwake m'chiuno, n'kumati bola kulemerako kusachepe.

Kapitawo wa odulira anali a Sitolo, munthu wamtali wa chijasi chachikulu, wezulo pakhosi. Sanali oipa mtima, koma anali ndi manijala pamutu pawo. Ndinawanong'oneza, poti kulankhula sindikanatha, kuti Enifa wasowa. Anaitana a Lanjesi. A Lanjesi anasiya mpeni pamtengo pomwe analekezera, n'kuthamangira kumtsinje ndi mnzawo mmodzi. Ena onse a Sitolo anati apitirize, mundawu uyenera kutha lero, mawa abwana adzayendera. Ndinawamva akuuza wodulira wina kuti akamaliza mzere wake atenge wa a Lanjesi. Kenaka anandidzudzula kuti ndabweretseranji ana kumipeni, ndibwerere nawo msanga.

Ndinali nditatembenuka kale. Ndiye kumunsi, m'nkhungu, ndinamva a Lanjesi akuitana. "Enifa." Kachiwiri, "Enifa." Kachitatu mokalipa.

Ana inu, ndinaima pomwepo. Kuitana kumeneko ndinali nditakumvapo, momwemo, katatu. Ndipo ndinkadziwa chimene mwana uja amachita akakumva. Sanapite kumtsinje. Sanasochere. Anali pansi pa tiyi, atanyonyomala, maso otsinzina, akuwina. Nthawi yonse imene ndinkang'amba pakhosi ndi dzina lake, iye ankati anganga, paja ankandiitana choncho, akundiyesa, n'kumakwawira mkati. Nyimbo sindinayimbe.

Ndinayang'ana kumunsi. Pakati pa mipeni ndi denga la shedi panatsala kachigawo kosakwana bwalo la mpira.

"A Sitolo, imitsani anthu. Mwana ali m'tiyimu."

"Mwamuona?"

"Sindinamuone. Ndikudziwa."

"Mayi, akanakhala muno akanayankha. Bambo ake akukuwa apo, ngakhale wogontha wamva."

"Sayankha. Ndinamuphunzitsa ndine."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati sangaimitse amuna makumi atatu chifukwa cha masewera a nkhuku, muyeso ukapanda kukwana wokafunsidwa ndi iwo, ndipo mwana wa zaka zitatu sangakhale chete mipeni ikulira pakhutu pake. Ndikuwachonderera choncho, mipeni sinaleke. Phwa aliyense ndinkamumva m'mano.

Panali kanjira kopingasa, ka othyola, kodutsa kutsogolo kwa odulirawo, mitengo yowerengeka chabe. Ndinakoka chingwe changa n'kulowa m'menemo, bongololo yense pambuyo panga, mpaka tinatseka mizere yawo. Ndinakhala pansi m'matope. Ana ataona ndakhala, nawonso anakhala. Lero ndikakumbukira ndimaona kulakwa kwake, chifukwa pofuna kupulumutsa mmodzi ndinaika onse patsogolo pa mipeni, m'nkhungu. Musadzatengere zimenezo. Koma munthu ukakhala wekha zabwino sizikhalapo zoti usankhe, umangotola choipa chimene chili pafupi.

Woyamba kuima anali mkulu wina amene anaona mdzukulu wake pachingwepo. Kenaka wina, kenaka wina, poti ambiri mwa amuna aja anali ndi ana pamenepo. A Sitolo anaimba wezulo mipeni itaima kale.

Amuna anafuna kuyamba kukuwa onse n'kumapondaponda m'tiyi. Ndinawaletsa ndi manja, ndinati akamva mapazi alowera mkati, kapena mumuponda. A Lanjesi, atamva wezulo, anafika wefuwefu, thalauzi litanyowa mpaka m'chiuno. Nditawafotokozera anakumbuka tsiku lija. Anati, "Ndiphunzitseni nyimboyo, ine mawu ndili nawo." Ndinati sizitheka, mwana akudziwa kuti woyimba ndine ndekha, wina aliyense ndi kabawi. Ndinayesa kuyimba ndili chiimire. Panangotuluka mpweya, wosafika ngakhale pamtengo wachiwiri.

"A Sitolo, gwirani ichi."

Ndinawapatsa chingwe. Anachilandira asanadziwe kuti alandira chiyani. Yohane ndinapatsira mkulu uja, khanda linalo a Lanjesi. Chichokere Dorofe, aka kanali koyamba manja anga onse awiri kukhala opanda kanthu.

Ndinagwada ndi maondo okana aja n'kulowa pansi pa tiyi. M'menemo muli mdima ngati m'nkhokwe, fungo la masamba owola, ukonde wa akangaude kumaso. Amuna makumi atatu anakhala chete, chete weniweni, moti ndinkamva madontho akugwa. Mwana akayamba kulira pachingwe ndinkamva a Sitolo akunong'ona, "Shii, wawa, shii." Ndinakwawa ndikuyimba ndi kampweya kangako. Kabawi wapita, wapita kuphiri. Kuima, kumvetsera, kukwawanso. Ndinayambira kumunsi, chakushedi, kumene ndinkaganiza kuti ali. Palibe. Ndinabwerera chokwera. Palibe. Mpango unatsala pa nthambi, zigongono zinasupuka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndalakwitsa, mwina mwana ali mumtsinje, ndipo ine ndabweza bambo ake pa njira yoona. Ndinatsokomola, ndinameza malovu, ndinati Ambuye, ndibwerekeni mawu a mzere umodzi wokha, ena onse mutenge.

Anapiye anga, bwerani kwa mayi.

Chakumtunda, kuseri kwa kanjira kumene kunakhala ana, masamba ouma anachita tswa.

Anatulukira chokwawa, milomo itada ndi kuzizira, m'tsitsi muli zinyalala, diresi atalikodzera. Anandiyang'ana mano akugundana, n'kufunsa kuti:

"Anganga, ndawina?"

Ndinati wawina, mwanawe.

Titaimirira ndi pamene ndinaona pomwe anatulukira. Mbali zonse ziwiri tiyi anali atadulidwa kale, zitsa zokhazokha, nthambi zitaunjikana n'kumutsekera mkati. Mipeni iwiri inali itamudutsa, wina kumanja wina kumanzere, iye duu. Pakati pake mzere umodzi wokha ndi umene unatsalira m'mbuyo, ndipo pamtengo wachitatu kuchokera pobisala pake panali mpeni wa a Lanjesi, pomwe anausiya nditawaitanitsa. A Lanjesi anawerenga mitengoyo ndi chala. Anawerenganso. Kenaka anakhala pansi m'matope, khanda la eni lili m'manja. Palibe anandikalipira pamenepo. Akanandikalipira bwenzi zitandipepukira.

Kukalipa kunabwera poweruka, kuchokera kwa amake Yohane, ndipo anali ndi chifukwa. Chipsera chili pamkono wa mwana wawo mpaka lero, ndipo anatha zaka osandiyankha moni. Akuofesi anandiitanitsa. Ndinapempha kalaliki uja kuti afufute mawu anga aja m'buku mwake, ndinati anali a matama. Ndinawauza kuti Enifa anatsala pang'ono kufa osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa chondimvera.

A Sitolo anayamba kunditumizira mayi mmodzi tsiku lililonse, woyembekezera kapena wochira kumene, n'kumuchongera tikiti ngati ali kumunda. Zinayenda mpaka mvula yoyamba. Masamba ataphuka, dzanja lililonse linafunika kothyola, ndipo ndinatsalanso ndekha mpaka mvula kutha. Chaka ndi chaka zinali zomwezo, kufikira tsiku limene ndinatula ntchito. Koma kabawi sindinamuitanenso. Phala linkapserera, phokoso linkamveka mpaka kufakitale, ine n'kumati lipserere, asokose. Mwana waphokoso umadziwa pamene ali.

Enifa mumamudziwa, ndi uja amasoka mayunifolomu kwa Nchilamwela, amene anakusokera siketi yosakukwana ija, Tadala. Za mipeni sakumbukira chilichonse. Chimene amakumbukira n'chakuti m'mawa mwake ndinamupatsa mphika wonse akombe yekha. Tikakumana amaseka n'kumati, "Anganga, paja ndinawina." Ine ndimangoseka naye.

Ndiye sindikuti usapite kudamu. Ana akaone mbalame, n'zabwino. Koma mawa upite kwa akulu a mpingo ukanene kuti ukufuna anthu awiri oyenda nawe, wina pakati, wina kumapeto. Usakasekerere ponena, ukasekerera aganiza kuti ukukwanitsa. Akakuyamikira kuti ana amakumvera, usakayankhe monga ndinayankhira ine.

Mwina akakuuza kuti mlungu wamawa. Akatero usadandaule, ndawauza kale amalume ako kuti apope njinga. Sabata masana mundikweze, mukandikhazike pakati pa ana ndi madzi. Kuthamanga sindingathe, mawu ndi omwewa mukuwamvawa. Koma mitu ndimawerenga, ndipo chingwe chija chikadali m'sutikesi pansi pa bedi, mfundo zake zonse zilipo. Ukamaliza nandoloyo, ukachitulutse uchiyanike.